Yunivesite ipite kukawerenga mitengo kumene makala a Lusaka akuchokera

Akonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu tikambepo za mayunivesite athu ndi maboma akumidzi, makamaka a m'mbali mwa msewu wa Great East, kuyambira Chongwe ndi Rufunsa, kuwoloka mlatho wa Luangwa, mpaka Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete. Aliyense wolawirira amadziwa zimene msewu umenewu umabweretsa mu Lusaka: malole osenza matumba a makala, amene kuno timati malasha, ndiponso njinga zomangidwa matumba mpaka wopalasa osaoneka. Katunduyo amadutsa pageti penipeni pa University of Zambia asanakafike ku Kalingalinga, Mtendere ndi Mandevu. Choncho ubale wa yunivesite ndi mudzi ulipo kale. Mudzi umatumiza makala, chimanga, nsinjiro ndi ana ake anzeru. Chimene chimabwerera kumudziko ndi wophunzira wonyamula mapepala a mafunso, amene amakhala masiku atatu, n'kujambula zithunzi, n'kupita osadzamvekanso.

Pempho lathu ndi limodzi. Yunivesite iliyonse yophunzitsa zankhalango, zaulimi kapena zachilengedwe itenge boma limodzi lakumudzi, isainirane pangano ndi khonsolo, mafumu, ofesi ya zankhalango ndi magulu a m'midzi, ndipo panganolo likhale la zaka zosachepera 10. Mtengo wa mombo sudziwa semesita. Ntchito ya miyezi itatu m'nkhalango ya miombo ili ngati kuthira mchere m'nyanja.

Chimene chatichititsa kulankhula tsopano n'chakuti lamulo linatsegula kale khomo. Lamulo la zankhalango la 2015, pamodzi ndi malamulo ake aang'ono a 2018, limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu, kupempha chilolezo cha mfumu, kugwirizana malire ndi midzi yoyandikana nayo, kujambula mapu, n'kukapempha kwa mkulu wa Dipatimenti ya Zankhalango kuti gululo lizindikiridwe. Likazindikiridwa, limasainirana pangano ndi dipatimentiyo, n'kukhala ndi mphamvu zoyang'anira nkhalangoyo ndi kupindula nayo. Misonkhano ya pansi pa mtengo anthu amaitha okha, ndipo mikangano ya malire anyakwawa amaidziwa bwino kuposa pulofesa aliyense. Pamene pamavuta ndi pa dongosolo la kasamalidwe ka nkhalango. Dongosololi limafuna kuti mudziwe kuti muli ndi mitengo ingati, ya mitundu yanji, yonenepa bwanji, ndipo mungadule ingati pachaka osaitha. Mlangizi wa zankhalango m'boma amakhala ndi dera lalikulu, njinga yamoto imodzi, mafuta a apo ndi apo. Pamene zili choncho, chaka chilichonse ophunzira a chaka chachitatu ndi chachinayi amasowa kumene angakachitire maphunziro a m'tchire. Awa akusowa oyeza, awo akusowa choyeza.

Kuwerenga mitengoko si matsenga, ndipo tikufuna owerenga anu aone kuchepa kwa zofunika. Titenge nkhalango ya mahekitala 500. Simuwerenga mtengo uliwonse. Pamapu mumajambula mizere yotalikirana mofanana, ndipo pamene mizere yakumana ndi pamene pamakhala puloti. Pakati pa puloti mumakhoma chitsulo chachifupi, kuchilowetsa pansi ndithu kuti ana asachizule, n'kulemba malowo ndi GPS ya pafoni. Mumamangapo chingwe cha mamita 12.6 n'kuzungulira nacho. Bwalo limenelo limakwana masikweya mita 500, kutanthauza kuti mapuloti 20 ndi hekitala imodzi. Mtengo uliwonse wa m'bwalomo umayezedwa pa msinkhu wa mita 1.3 kuchokera pansi, cha pachifuwa pa munthu wamkulu. Ngati tepi ya akatswiri palibe, ya telala imagwira ntchito: zungulizani thunthu, nambala yatulukayo muigawe ndi 3.14, mwapeza kunenepa kwa mtengowo. Mitengo yaing'ono yosafika masentimita 5 imangowerengedwa m'kabwalo kakang'ono ka pakati. Zitsa nazo ziwerengedwe, zakale ndi zatsopano padera, chifukwa ndi zimene zimaulula liwiro la nkhwangwa. Mapuloti 50 amakwana mahekitala 2.5, ndipo magulu atatu a anthu anayianayi, lililonse likamatha mapuloti anayi patsiku, amamaliza sabata isanathe. Pagulu lililonse pakhale ophunzira awiri ndi anthu a m'mudzi awiri.

Zolakwika zake n'zodziwika, ndipo zimabwerezedwa chaka ndi chaka. Anthu akatopa amasuntha puloti kuti ikhale pafupi ndi njira kapena pamthunzi wabwino. Kumeneko ndiye kumene nkhwangwa inayamba kufika, kapena kumene mitengo ikuluikulu inasiyidwa dala, motero nambala zimanama. Ena amayeza pamfundo kapena pamene thunthu latupa. Mtengo wa mphanda, ngati wagawika pansi pa mita 1.3, ndi mitengo iwiri; ngati wagawika pamwamba, ndi umodzi. Pamalo otsetsereka munthu aime kumtunda kwa mtengo poyeza. Ndipo vuto lalikulu ndi la mayina. Wophunzira amene analoweza mayina a sayansi monga Brachystegia ndi Julbernardia m'kalasi akhoza kuima pansi pa mtondo osauzindikira, makamaka m'chilimwe masamba atayoyoka. Gogo wa m'mudzimo amausiyanitsa ndi mombo pongoona khungwa, ndipo akuuzaninso kuti uwu umapereka luzi, uwu makala olemera, uwu njuchi zimaukonda, uwu sudulidwa chifukwa uli kumanda. N'chifukwa chake tikuti anthu a m'mudzi akhale m'gulu monga oyeza anzawo olipidwa, osati ongonyamula madzi. Nthawi yabwino ndi Meyi mpaka Julayi: mvula yatha, mitsinje ikuwolokeka, masamba akadalipo, anthu akumaliza kukolola.

Phindu lenileni limabwera pakuyeza kwachiwiri. Mukabwerera pa zitsulo zomwezo patatha zaka zitatu kapena zisanu, m'pamene mumadziwa kuti nkhalango yanu, pa dothi lanu ndi mvula yanu, imakula bwanji. Pulofesa Emmanuel Chidumayo, amene anaphunzitsa ku University of Zambia, anatchuka kunja konse chifukwa cha kuleza mtima kotereku, kubwerera pa mapuloti omwewo a miombo zaka zambirimbiri. Bungwe lobwera ndi pulojekiti ya zaka zitatu silingachite zimenezo, chifukwa ndalama zikatha limapakira. Yunivesite ingathe, chifukwa imalandira ana atsopano chaka chilichonse ndipo sisamuka.

Nambala zikapezeka, gulu la m'mudzi lingagawe nkhalango yodulamo m'zigawo, n'kumadula chigawo chimodzi pachaka. Miombo yodulidwa imafuna zaka 20 mpaka 30 kuti ibwerere pa msinkhu wowotcha makala, ndiye ngati mwapatula mahekitala 250 odulamo n'kusankha zaka 25, ndi mahekitala 10 pachaka, osapitirira. M'mbali mwa mitsinje, pamapiri otsetsereka ndi kumanda musakhudzeko. M'chigawo chodulacho musiye mitengo yazipatso monga masuku, ndi ya matabwa monga mlombwa, umene amisiri a ku msika wa Buseko mu Lusaka amautcha mukwa, komanso mitengo ingapo ikuluikulu ya mbewu. Chimene ambiri a m'tauni sadziwa n'chakuti miombo imabwerera makamaka kuchokera ku zitsa ndi mizu, osati ku mbande za m'machubu. Chitsa chidulidwe chachifupi, chosapitirira masentimita 30, ndipo chidulidwe mopendekera kuti madzi a mvula asakhazikike n'kuchiwoletsa. Mphukira zikatuluka zambiri, chaka chachiwiri kapena chachitatu mupatulire, kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Chimene chimapha nkhalango yotere si kudula koyamba. Ndi kuzula zitsa polima, mbuzi ndi ng'ombe zodya mphukira, ndiponso moto.

Za moto tinene mosabisa, chifukwa apa mpamene mfundo za m'mabuku ndi zofuna za anthu ena a m'maofesi zimasemphana. Kuletseratu moto m'miombo sikutheka, ndipo amene amayesa amangounjika udzu woti udzayake mwaukali mu Okutobala. Kafukufuku wa moto amene anayambika ku Ndola m'zaka za m'ma 1930, amene zotsatira zake katswiri wa zomera Colin Trapnell anafalitsa mu 1959, anaonetsa kuti mapuloti otenthedwa mochedwa chaka ndi chaka anatha mitengo ya miombo, pamene otenthedwa msanga anasungika pafupifupi ngati osatenthedwa n'komwe. Nzeru imeneyi yakhala m'mashelefu zaka zoposa 60. Kutentha msanga ndi mu Meyi ndi Juni, udzu ukadali ndi chinyezi, madzulo mphepo itagwa, pang'onopang'ono m'zigamba, kuti mame a usiku azimitse okha. Chigawo chimene changodulidwa kumene chitetezedwe ndi njira yolimidwa mozungulira kwa zaka zoyambirira, mpaka mphukira zitapitirira msinkhu wa malawi. Ndipo tisanamizane za amene amayatsa moto wa mu Ogasiti ndi Sepitembala: ambiri ndi anyamata osaka mbewa ndi ofuna msipu watsopano wa ng'ombe. Amenewa samva kalata ya yunivesite. Amamva mfumu. Pangano lopanda dzanja la mfumu ya deralo, kaya ndi m'dziko la Kalonga Gawa Undi, la Inkosi ya Makhosi Mpezeni, kapena la mafumu a Chinsenga monga Kalindawalo ndi Nyalugwe, ndi pepala chabe.

Ena adzatifunsa kuti n'chifukwa chiyani tikukamba za kuwotcha makala bwino m'malo mokamba za kuwaletsa. Yankho lili pa mbaula ya nyumba iliyonse ya ku Kanyama. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi ankazima masiku ena pafupifupi tsiku lonse, ndipo ngakhale nyumba za ku Kabulonga zinagula mbaula. Chaka chomwecho mlimi wa ku Nyimba amene chimanga chake chinapsa m'munda analibe pothawira koma nkhwangwa. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti dziko lino limataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pachaka, ndipo gawo lalikulu ndi la kutsegula minda, makala n'kumatsatira. Malinga ngati Lusaka akuphika, uvuni ufukabe utsi. Funso n'lakuti udye mitengo ingati.

Uvuni wadothi wa masiku onse umatulutsa makilogalamu 10 mpaka 20 a makala pa makilogalamu 100 a nkhuni. Kusiyana kwa 10 ndi 20 kukutanthauza kuti thumba lomwelo lingadye mitengo iwiri kapena umodzi. Chimene chimagwetsa nambala ndi nkhuni zaziwisi: moto umayamba wawononga gawo la nkhunizo pophwetsa madzi ake. Zikuni zikhale masabata atatu kapena anayi zitadulidwa zisanaunjikidwe. Zipanikizane bwino, mipata itsekedwe ndi tizidutswa, zikuluzikulu zikhale pakati. Pansi payalidwe mitengo yopingasa kuti mpweya uziyenda. Wowotcha asachoke: dothi likagumuka usiku mpweya n'kulowa, pofika m'mawa mbali imeneyo ndi phulusa. Utsi woyera wochindikala ndi madzi akutuluka. Ukayamba kupyapyala n'kuoneka wobiriwira ngati thambo, mbali imeneyo yapsa, tsekani mabowo. Chumuni chopangidwa ndi migolo yakale yolumikiza, monga mwa uvuni wa Casamance wa ku Senegal, chimathandiza kutentha kuyenda mofanana. Koma owotcha ambiri amachikana chifukwa n'cholemera kunyamula kuchoka pa uvuni uwu kupita pa wina, ndipo sakulakwa. Apa mpamene ophunzira a uinjiniya akanathandiza: apite ndi sikelo yopachika, ayeze nkhuni zolowa ndi makala otuluka pa mauvuni 20 a anthu eniake, aone kuti ndani akutulutsa zambiri ndipo akuchita chiyani chosiyana. Kawirikawiri mphunzitsi wabwino wa owotcha amakhala mnzawo wa m'mudzi womwewo, kungoti palibe amene anamuyezera. Tionjezereponso kuti thumba limene ku msika amati la makilogalamu 50 ndi dzina la saka chabe. Palibe amene amaliika pasikelo, ndipo wopusitsidwa ndi wowotcha pamodzi ndi mayi wogula.

Nkhalango imene imangopereka makala okha anthu saisamala nthawi yaitali. Uchi ndi umene umachititsa munthu kukwiya akaona moto. Chigawo cha North-Western, ku Mwinilunga ndi Kabompo, chinaonetsa kale kuti uchi wa miombo umagulika mpaka ku Ulaya. Mng'oma wa khungwa uli ndi vuto lakuti mtengo wosendedwa mozungulira umafa, ndipo mitengo yosendedwayo ndi ya mombo ndi mtondo yomweyo imene njuchi zimadya maluwa ake. Mng'oma wa matabwa wa timitengo ta pamwamba ndi wabwino, koma mmisiri akaphonya muyezo wonse wawonongeka. Kamtengo kalikonse kakhale mamilimita 32 m'lifupi. Kakakula kapena kuchepa, njuchi zimamanga zisa mopingasa, kulumikiza timitengo tingapo, ndipo pofula mumaswa zisa za ana. Pakati pa kamtengo papakidwe mzere wa phula kuti njuchi zitsatire. Mng'oma upachikidwe ndi waya wopakidwa girisi chifukwa cha linthumbu ndi chiuli. Pofula mutenge zisa zomatidwa zokha. Uchi wosakhwima uli ndi madzi ambiri, umawira m'chidebe n'kusasa, ndipo ogula akuluakulu salandira wa madzi opitirira 20 pa 100 alionse. Kachipangizo koyezera madziwo n'kokwana m'thumba la malaya. Labotale ya yunivesite ingayeze uchi wa gulu lonse n'kupereka chikalata chimene gulu lingaonetse wogula, m'malo mogulitsa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu. Phula nalo ambiri amataya pamodzi ndi zinyalala za zisa, pamene ndi katundu wosawola amene ali ndi msika wakewake.

Tibwere kusukulu. Mwezi wodzala mitengo m'dziko muno umayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Janyuwale. Imeneyi ndi nthawi yabwino ya mvula, komanso ndi nthawi imene ana ali patchuthi. Ndiye zimene zimachitika n'zakuti sukulu imafesa nazale mu temu yachitatu, ana amathirira mokhulupirika, sukulu imatseka kumayambiriro kwa Disembala, mbande zimatsala m'machubu mpaka pakati pa Janyuwale, mizu itaboola pansi kapena itazungulirazungulira m'chubu. Zikadzalidwa mochedwa zimakumana ndi chilimwe mizu isanazame. Kapena kumabwera alendo olemekezeka, kudzala mitengo 1,000 tsiku limodzi, kujambulitsa, ndipo palibe amene amabwera mu Okutobala kudzawerenga yamoyo. Ife tikuti chiwerengero chokhacho choyenera kulembedwa m'lipoti ndi cha mitengo imene yapulumuka chilimwe choyamba. Ophunzira a yunivesite amene kwawo ndi m'boma lomwelo, ali patchuthi kapena pa maphunziro a kuntchito, akhoza kutseka mpata umenewu pamodzi ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndipo mbande zina ana apite nazo kunyumba tsiku lotsekera.

Nazale yake isakhale ya bulugama yekha. Dothi la m'machubu lisakanizidwe magawo awiri a dothi la pamwamba la m'nkhalango, gawo limodzi la mchenga ndi limodzi la manyowa owola bwino. Manyowa aawisi amawotcha mizu ndipo amaitana chiswe. Msangu, umene alimi a m'chigwa amaudziwa kuti umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kusiya chimanga chikuwalidwa dzuwa, uli ndi njere ya chikopa cholimba. Ichekedwe pang'ono m'mbali ndi chowengera zikhadabo, kupewa kumene kuli kamaso, apo ayi idzamera mwa apo ndi apo. Muzu wake umathamangira pansi msanga, choncho machubu aikidwe pathandala lokwezeka kuti muzu ukatulukira kunsi uume wokha ndi mpweya, ndipo mbande isapitirire masabata asanu kapena asanu ndi limodzi m'nazale. M'munda idzalidwe motalikirana mamita 10 mbali zonse, mitengo 100 pahekitala. Mlimi auzidwe zoona: zaka zoyambirira sadzaona kanthu, ndipo mbandeyo ndi yaing'ono moti wolima ndi ng'ombe amaipitirira ndi pulawo ngati palibe chikhomo. Mtengo wina wobwezera chonde, gilisidiya, ndiye wachangu. Amafesedwa pabedi popanda machubu, amawokedwa patatha masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, tsiku la mvula, ndipo akakhazikika amadulidwa chaka ndi chaka, masamba kukwiriridwa m'munda, timitengo kupita kukhitchini. Njere zake sizichedwa kufa zikasungidwa potentha, ndiye muyese 100 pa nsalu yonyowa musanagawire alimi.

Zimenezi si zachilendo ku Chigawo cha Kum'mawa. Ku Msekera, pafupi ndi Chipata, ofufuza a boma ndi a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuyesa kugoneka munda zaka ziwiri utadzalidwa mitengo ya jerejere kapena mthuthu, ndipo chimanga chodzalidwa pambuyo pake chinkabereka kwambiri kuposa cha m'munda wopanda feteleza. Alimi masauzande anayesa. Ambiri anadzasiya, ndipo zifukwa zake ndi phunziro kwa aliyense wofuna kubwera ndi nzeru yatsopano: wa munda waung'ono sangaugoneke zaka ziwiri ana akufuna nsima, tizilombo tinkadya masamba a jerejere, ziweto zotayiriridwa m'chilimwe zinkadya mitengo, moto wa osaka mbewa n'kumaliza zotsala. COMACO, kampani yogula mbewu kwa alimi osamala chilengedwe imene inayambira ku Lundazi, inapita patsogolo ndi gilisidiya chifukwa inamangirira mtengowo ku msika: mlimi wosamala munda ndi nkhalango amagulidwa mbewu zake. Yunivesite isabwere ngati yoyamba kufika. Ifunse kaye amene analipo.

Pali ntchito ina imene ikufuna ophunzira a zamalamulo ndi a zachuma kuposa a zankhalango. Masiku ano midzi yambiri ya m'chigwa cha Luangwa ndi kumtunda ikusaina mapangano a kaboni, zimene anthu amati ndalama za mpweya. Mapangano amenewa amamanga mudzi zaka makumi angapo, amalembedwa m'Chingerezi cha maloya, ndipo nambala zonse zimakhala m'manja mwa wogula. Sitikunena kuti ndi oipa; madera ena amangira makalasi ndi kukumba zitsime ndi ndalama zimenezi. Koma wogulitsa amene sadziwa kulemera kwa katundu wake amangolandira chimene wapatsidwa. Masamu ake oyambira ndi ofikirika: pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni zouma ndi kaboni, ndipo tani imodzi ya kaboni ndi matani 3.67 a mpweya wa carbon dioxide umene umagulitsidwawo. Gulu lokhala ndi mapuloti akeake lingathe kuyerekeza nambala zake ndi za kampani. Ndipo pangano lisanasainidwe, wina wosadyapo alimasulire m'Chichewa kapena m'Chinsenga ndime ndi ndime, pabwalo, amayi alipo, chifukwa ndiwo amatola nkhuni, bowa ndi masuku m'nkhalango imene ikutsekedwayo: ndi zaka zingati, chololedwa n'chiyani, gawo la mudzi ndi lotani, limadutsa m'manja mwa yani, ndipo moto ukawononga nkhalango amalipira ndani.

Tikudziwa chimene akuluakulu a mayunivesite adzayankhe: ndalama ndi mtunda. Za mtunda n'zoona. Maphunziro a zankhalango m'dziko muno anakhazikika ku Copperbelt, ku Copperbelt University ku Kitwe ndi ku koleji ya zankhalango ya ku Mwekera, kufupi ndi minda ya paini ndi bulugama ya kampani ya matabwa ya ZAFFICO. Kuchoka ku Kitwe kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 900. Miombo ya kumeneko ndi ya mvula yambiri, pamene ya Kum'mawa ndi youma, ndipo m'chigwa muli tsanya, mtengo wa makhalidwe enanso. Ichi n'chifukwa china chotumizira ophunzira Kum'mawa, poti wophunzira amene waona nkhalango ya mtundu umodzi yekha adzalangiza molakwa akadzatumizidwa ku Petauke. Komanso University of Zambia, koleji ya zaulimi ya NRDC ndi Chalimbana University ku Chongwe zili pakhomo penipeni pa msewu umene tikukambawu.

Za ndalama, zofunika si nyumba zosanja. Ndi basi ulendo umodzi kapena iwiri pachaka, malo ogona m'kalasi ya sekondale nthawi ya tchuthi, ufa ndi ndiwo zogulidwa m'mudzi momwemo, matepi, zingwe, utoto, sikelo, ndi malipiro a tsiku a oyeza a m'mudzi. Thumba la chitukuko cha m'madera la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Makomiti a mawadi amasankha makalasi, madesiki ndi zipatala, ndipo n'zomveka. Koma pulojekiti ya kuyeza nkhalango ya mudzi ingakwane ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa kalasi imodzi. Thumba lomwelo lili ndi gawo lolipirira ana a sekondale zogonera komweko ndi a maphunziro a ntchito zamanja. Mwana wa giredi yomaliza amene wagwira tepi masabata awiri pamodzi ndi ophunzira a yunivesite amadziwa kuti kuli ntchito yotchedwa zankhalango, amadziwa maphunziro ofunika kuti akalowe, ndipo amadziwa wina womufunsa za fomu. Ana ambiri akumudzi amalephera pomwepo, pa kusadziwa khomo, ngakhale magiredi ali nawo.

M'panganolo mulembedwe zinthu zingapo zimene zimaiwalika. Makope a nambala zonse atsale kwa mlembi wa gulu ndi ku ofesi ya zankhalango ya m'boma, papepala, osati pa laputopu ya wophunzira yokha, poti laputopu imapita ndi mwini wake akamaliza sukulu. Wophunzira asalandire magiredi a kafukufuku wake asanabwerere kukafotokoza zimene anapeza pamsonkhano wa mudzi, m'chinenero cha anthuwo, ndi kusiya masamba awiri olembedwa m'chinenerocho. Mayina a mitengo alembedwe onse awiri, la sayansi ndi la kumudzi. Mphunzitsi mmodzi wa yunivesite atchulidwe ndi dzina kuti ndiye woyankha za boma limenelo, ndipo ntchitoyi iwerengedwe pomukweza paudindo, chifukwa malinga ngati kukwezedwa kukudalira mapepala osindikizidwa kunja okha, palibe mphunzitsi adzataye Juni wake ku Rufunsa. Ndipo mapu osonyeza pamene pali mlombwa ndi mukula waukulu asamwazidwe mwachisawawa. Mukula unalowa pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zingathe, mu 2019 chifukwa cha mmene unadulidwira, ndipo mapu abwino akagwa m'manja olakwika amasanduka kalozera wa macheka.

Kuti kuyeza koyamba kuchitike mu Meyi kapena Juni, makalata opita kwa mafumu ndi kumakhonsolo ayenera kutuluka mvula isanathe, ndipo misonkhano ya malire ichitike mu Epulo. Tikupempha aphungu a madera a m'mbali mwa msewuwu, makhansala ndi akuluakulu a masukulu a zaulimi ndi zachilengedwe kuti ayankhe kudzera m'nyuzipepala ino, atiuze boma limene aliyense akutenga.

Ife,
Alangizi ndi aphunzitsi a zankhalango ndi zaulimi,
Lusaka